Ufa wothira mu fidi ya chambo uja ndauyesa ulimi wathunthu, nazi zomwe ndaona

Anthu angapo akhala akundifunsa za ufa uja wosakaniza ndi fidi ya nsomba, uja pa paketi pake analemba kuti umakulitsa chambo msanga komanso umateteza ku matenda, nde ndati bola ndingolemba kamodzi basi kusiyana nkumayankha mmodzimmodzi. Dzina la kampani sinditchula, sikuti ndikuopa ayi koma mapaketi amtunduwu achuluka ndipo mukawatembenuza kuseri zomwe mupeze ndi zomwezomwezo, amangosintha mtundu wa pepala ndi chithunzi cha nsomba yonenepa ija. Ine ndaugwiritsa ntchito kuyambira pothira mbewu, tiana ta nsomba tija, m'damu mpaka pokolola. Mukandifunsa nyenyezi ndiupatsa zitatu mwa zisanu, ndipo imodzi mwa ziwiri zomwe ndachotsazo wandichotsetsa ndi wogulitsa ndi pakamwa pake, osati ufawo.

Womwe ndinagula ine ndi wa zonse pamodzi. Pa lebulo panali Bacillus subtilis, omwe ndi mabakiteriya abwino aja amati ma probiotic, panali phytase, panali za m'khungu la yisiti zomwe amalemba kuti beta-glucan ndi MOS, kenako vitamini C ndi timavitamini tina. Ufa wake ndi wotuwa chachikasu, kafungo kake ngati yisiti yomwe yakhalitsa, sikonyansa ayi. Muyezo wake ndi magiramu ochepa chabe pa kilo ya fidi, moti tsiku loyamba ndinaseka, ndinati kaufa kakang'ono chonchi kasintha chani pa thumba lonseli.

Sindinafune zongomva, chifukwa ife alimi tili ndi matenda amodzi, tikagula chinthu timafuna chioneke kuti chagwira ntchito ngakhale sichinagwire, maso amayamba kukulitsa nsomba okha. Nde ndinatenga madamu awiri oyandikana, ofanana kukula, madzi ake gwero limodzi, mbewu ya tsiku limodzi ndinaigawa pakati, fidi thumba lomwelo. Damu lina fidi yothira ufa, lina fidi yokhayokha. Pakapita masabata awiri tinkakoka kaukonde nkutola nsomba zingapo mosasankha, kuziika mu ndowa ya madzi pa sikelo nkulemba m'kabuku. Ndikudziwa madamu awiri si kafukufuku, damu lililonse lili ndi khalidwe lake ngati ana a mimba imodzi, lina limagwira ndere msanga lina limachedwa, nde zomwe ndinene apazi muzitenge ngati za mlimi mnzanu osati za ku labu.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Sabata yoyamba ndinkangowaza ufawo pa mapeleti ouma mu beseni, kuvundula ndi dzanja kawiri katatu nkukaponya. Tsiku lina mphwanga yemwe amandithandiza kudyetsa anandikoka malaya, akuti amalume tayang'anani pamadzipo. Kuyang'ana, mapeleti nsomba zikulimbirana bwinobwino koma pamwamba pamadzi pali kautoto kachikasu yandayanda, mphepo ikukakankhira ku kona ya damu komwe kuli udzu. Ufa wonse unali ukusiyana ndi fidi ikangogunda madzi. Ndiye kuti sabata yonse ndinkadyetsa udzu wa m'mbali. Ndipo pansi pa beseni pankatsala kena komwe mphwangayo ankangogugudira pansi. Pa paketi analemba mawu awiri okha oti sakanizani bwino, osanena kuti musakaniza bwanji, ndipo apa ndi pomwe ndikuona kuti anthu ambiri amataya ndalama nkumati ufa ndi wabodza.

Chomwe chinagwira ndi ichi: ufa uja ndimausungunula kaye m'timadzi tochepa tosatentha, ndimawaza pa mapeleti uku ndikutembenuza kuti anyowe pang'ono chabe osati kufewa, kenako ndimathira mafuta ophikira pang'ono nkutembenuzanso mpaka peleti iliyonse iziwala. Mafutawo ndi omwe amamata ufa uja kuti usachoke msanga m'madzi. Ndikatero ndimayala pa sefa kapena pa thumba loyera pamthunzi kwa kanthawi. Pamthunzi anzanga, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limaononga vitamini C komanso mafuta aja amayamba kununkha moipa. Madzi a pa mpopi okhala ndi kolorini musagwiritse ntchito posungunulira, kolorini ntchito yake ndi kupha mabakiteriya ndipo sasankha kuti awa ndi abwino. Komanso musasakanize ya sabata yonse kuti mupumule, ine ndinayesa ya masiku anayi nkupeza pansi pa ndowa pachita chuku mbuu. Ya tsiku limodzi basi, ikachulukitsa awiri. Ndi ntchito yoonjezera ndithu, mmawa uliwonse mphindi zingapo zimapita pamenepo, ndipo ngati muli ndi madamu ambiri muziwerengere.

Ena anandifunsa kuti bwanji osangothira ufawo popanga fidi, upite limodzi mu makina. Zimatengera makina ake. Aja opanga fidi yoyandama amaphika zinthu pa kutentha kopitirira madigiri 100, ndipo phytase ndi enzyme, chinthu chothandiza kugaya chakudya m'mimba, ikapsa yatha ntchito, nchifukwa chake mafakitale ambiri amaipopera pamwamba mapeleti atatuluka kale. Bacillus yekha ndi wolimba chifukwa amadzitsekera mu kachikhokho kouma kotchedwa spore, amapirira kuuma ndi kutentha kuposa anzake, nkukadzuka akafika ponyowa. Ma Lactobacillus, omwe ndi mabakiteriya ena abwino, alibe kachikhokho kameneko, amafa msanga, moti ndikaona paketi ya ufa wouma yomwe yakhala pa shelefu yotentha miyezi nkumati muli Lactobacillus wamoyo ine ndimangoti chabwino. Ngati mumapanga nokha fidi yomira ndi kamakina kosatenthetsa kwambiri mutha kuthira mkati momwemo, bola poumitsa musawotche.

Mwa zonse zomwe zili mu ufawu chomwe ndachikhulupirira kwambiri ndi phytase, ndipo ndifotokoze chifukwa ambiri amangoiona pa lebulo osadziwa ntchito yake. Fidi yambiri masiku ano yadzaza ndi zomera, soya, madeya, zotsalira pofinya mafuta, chifukwa ufa wa nsomba zouma zogaya ndi wovuta kupeza. Mu njere za zomerazi muli phosphorous wambiri ndithu koma gawo lalikulu, cha m'ma magawo awiri mwa atatu, ndi womangidwa mu chinthu chotchedwa phytate, chomwe nsomba payokha siitha kumasula bwino. Nde phosphorous uja amangodutsa m'matumbo nkutuluka ndi ndowe, nsomba yosowa zomangira minga, damu lodzaza ndi chakudya cha ndere. Kuonjezera apo phytate amagwiranso zinki, ayironi, kashiamu ngakhale puloteni ina nkutuluka nazo. Phytase amadula mfundo imeneyo. Ndipo chambo chili ndi mwayi chifukwa m'mimba mwake mumakhala asidi wamphamvu zedi, muyezo wa asidi uja amati pH umatsika mpaka pansi pa 2 chikadya, ndi mmene chimaswera ndere, pomwe phytase yambiri imagwira bwino malo a asidi. Nde ngati fidi yanu ndi yopanga nokha ya soya ndi madeya, apa pali phindu lenileni. Koma ngati mukugula fidi ya fakitale yabwino, nthawi zambiri anathiramo kale zoterezi kapena anaika phosphorous wosavuta kugaya, ndiye kuti mukulipira kawiri chinthu chimodzi.

Apa ndipatuke pang'ono. Soya wosakazinga phytase sangamukonze. Soya wamuwisi ali ndi zina zomwe zimatsekereza kugaya puloteni, zimatha ndi moto basi, ufa wa m'paketi ulibe nazo ntchito. Ndinaona munthu wina akugaya soya wamuwisi nkumathira ufa wodulawu pamwamba, ndinamva chisoni. Chimodzimodzinso puloteni ikachepa. Tiana timafuna fidi ya puloteni cha m'ma 40 peresenti, zikamakula cha m'ma 28 mpaka 32, nde ngati mukupatsa madeya okhaokha palibe ufa ungasandutse madeya kukhala puloteni. Pa tizigawo topanga puloteni, chimanga chimaperewera lysine, soya amaperewera methionine, ufa womwe ndinagula mulibe zonse ziwirizi.

Tsopano zomwe ndinaona m'madzimo. Mwezi woyamba palibe, sikelo imangonena zofanana, mpaka ndinayamba kudandaula mumtima. Choyamba kusintha sichinali kulemera koma kadyedwe. Za m'damu la ufa zinkabwera msanga, ukangofika pa chipupa madzi ayamba kale kuwira, fidi nkutha mphindi zochepa. Koma apa ndinadzikayikira, chifukwa mwina chinali kuzikoka ndi mafuta aja osati ufa, nde ndinayamba kupaka mafuta omwewo fidi ya damu linalo kuti zifanane. Kadyedwe kanafanana ndithu. Ndiye kuti njala ija inali ya mafuta, ufa usatengerepo ulemu.

Chomwe chinatsala chosiyana ndi ndowe. Mu damu lopanda ufa nthawi zina mmawa ndinkaona tizingwe toyera titaliitali tikuyandama kapena tikulendewera ku nsomba, mu damu la ufa tinali tochepa kwambiri, ndowe zake zazifupi zakuda zomira. Pokolola tinatumbula zingapo mbali zonse nkuziyala pa thabwa. Za ufa matumbo ake anali olimbako ukawakoka, odzaza bwino, chiwindi chofiirira bwino. Mwa zinazo munali zingapo za chiwindi chotuwa chofewa ngati chikufuna kusungunuka pa chala, ndi mafuta ambiri ozinga matumbo. Sizonse ayi, zingapo chabe, koma mphwanga yemwe sadziwa za chiwindi cha nsomba anatha kuloza yekha kuti iyi ndi ya damu lakuti.

Kukula? Kunalipo kusiyana koma kwakung'ono, kofuna sikelo kuti ukuone, osati kuja analemba pa paketi koti nsomba zikula kawiri. Ukaika nsomba ziwiri za pakatikati pa dzanja sungalumbire kuti iyi ndi ya ufa. Pomwe ndinaona bwino ndi pa kufanana kwa nsombazo. Damu la ufa linatulutsa nsomba zoyandikana misinkhu, tonyentchera tinali tochepa, pomwe linalo munali zikuluzikulu zingapo ndi gulu la tating'ono totsalira. Kwa wogulitsa nsomba izi zili ndi tanthauzo chifukwa tating'ono tija ndi tomwe timagwetsa mtengo wa mulu wonse. Nditawerengera fidi yomwe inalowa ndi makilo omwe anatuluka, ija amati FCR, damu la ufa linadyako fidi yochepa pa kilo iliyonse ya nsomba. Aliyense amene amaweta akudziwa kuti fidi ndi yomwe imadya ndalama zambiri kuposa china chilichonse pa ulimiwu, nde kutsika pang'ono komweko kunabweza zomwe ndinagulira ufa nkutsala kenakake. Kenakake basi, osati zogulira njinga.

Pomwe ufawu unandisangalatsa zenizeni ndi pambuyo pogwira nsomba. Mukudziwa mukakoka ukonde kuti muyeze kapena musankhe, mamba amachoka, zipsepse zimang'ambika, nde pakapita masiku awiri atatu mumayamba kutola zakufa imodzi imodzi, zina zili ndi zilonda zofiira m'mbali zomwe nthawi zambiri amayambitsa ndi mabakiteriya otchedwa Aeromonas. Mu damu la ufa zakufa zoterezi zinali zosowa, ndipo zomwe tinkazigwiranso ulendo wotsatira mabala anali atapola bwino. Ndikuganiza kuti apa ndi vitamini C ndi beta-glucan uja. Chambo sichitha kupanga vitamini C m'thupi mwake, chimayenera kuipeza mu zakudya ngati mmene tilili anthufe, ndipo ikasowa mabala sapola, msana umapindika, nsomba nkumasambira chokhota ngati chikwakwa. M'damu lobiriwira bwino zimatolako ku ndere ndi tizilombo, koma mu thanki kapena mu keji momwe zimangodalira fidi yanu, ikasowa mudzaona. Vuto ndi loti vitamini C wamba safuna kutentha, chinyezi kapena kukhalitsa, amatha mwakachetechete thumba lili chikhalire. Wolimba ndi uja amalemba kuti ascorbyl phosphate kapena polyphosphate. Pa paketi yanga anangolemba vitamini C osanena mtundu wake, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zomwe zinandinyansa.

Nde tifike pa wogulitsa uja. Tsiku logula ndinamufunsa kuti achimwene, nanga nsomba zikadwala ufawu umathandiza? Iye osaphethira nkomwe, akuti bwana ukakhala ndi uwu matenda aiwaleni, zikayamba kufa mungowirikiza muyezo zisiya. Mawu amenewa akanandiphetsa nsomba zonse.

Kutentha kutafika pachimake, mmawa wina kusanache bwino mphwanga anabwera akuthamanga, amalume nsomba zili pamwamba. Kukafika, damu la ufa lomwelo, nsomba zonse milomo pamwamba phwaphwaphwa ngati zikupempha, madzi obiriwira kwambiri moti nditalowetsa mkono chikhato chinasowa ndisanafike ndi pa chigongono pomwe. Umu ndi mmene okosijeni amathera, masana ndere zimamupanga koma usiku ndere zomwezo, nsomba ndi matope onse amamupuma, nde m'bandakucha ndi pomwe amatsikitsitsa. Tinatsegula madzi atsopano, kumenya madzi ndi mabeseni, tsiku limenelo osadyetsa. Zambiri zinapulumuka. Koma patapita masiku ochepa ndinayamba kuona zina zikuzungulira pamadzi ngati zaledzera, diso limodzi litatuluka lotuwa, thupi lakuda, zosadya. Zizindikiro zimenezi ndi zomwe zimadziwika ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus, yemwe amakonda madzi akatentha kupitirira madigiri 30 komanso nsomba zikapanikizika. Ndinakumbuka mawu a wogulitsa aja nkuwirikiza ufa masiku awiri. Zinapitirira kufa. Ndipo ukaganiza bwino nzomveka, nsomba yodwala siidya, nde ufa uli mu fidi uifika bwanji? Zomwe zimadya ndi zabwinobwino, zodwalazo zili pakona zikuzungulira. Chinathandiza ndi kuchepetsa fidi kwambiri, kutola zakufa mmawa ndi madzulo nkukazikwirira kutali, kusintha madzi, kupungula nsomba zina kupita kwina kuti zisathinane, ndi kuitana wodziwa za matenda a nsomba adzaone. Nditabwerera kwa wogulitsa uja kukamuuza anangoti mwina munachedwa kuyamba. Ndinangotuluka.

Kunena chilungamo damu linalo linagwidwanso patapita masiku ndipo kumeneko zinafa zochulukirapo, nde mwina ufa unathandizako kuti zina zipirire. Mwina. Koma kulimbitsa thupi ndi kuchiza ndi zinthu ziwiri, ndipo wogulitsa amene akusakaniza ziwirizi akuphetsani nsomba. Nanji matenda a vayirasi ngati TiLV (Tilapia Lake Virus), omwe anadziwika koyamba cha mu 2014 ku Israel ndi ku Ecuador nkufalikira maiko ambiri oweta tilapia, nsomba za mtundu wa chambo, amenewo palibe ufa kapena antibayotiki yemwe angawachize, chitetezo chake ndi kusamala komwe mukutenga mbewu ndi kusabwerekana maukonde mwachisawawa.

Za ma antibayotiki ndinenepo pang'ono chifukwa ena amathira mu fidi tsiku ndi tsiku ati nsomba zikule. Ku European Union analetsa kugwiritsa ntchito ma antibayotiki ngati okulitsira ziweto kuyambira pa 1 Januwale 2006, chifukwa mabakiteriya amazolowera nkusiya kumva mankhwala, ndipo kuchuluka kwa ma probiotic, ma asidi ndi zina zonsezi pa msika kunakula kwambiri chifukwa chofuna cholowa m'malo. Nde ngati mwapatsidwa mankhwala ndi dokotala wa ziweto musawaphatikize ndi ufa wa Bacillus mu beseni limodzi, mukhala mukupha zomwe mwagula. Malizani mankhwala kaye, ufa ubwere pambuyo.

Chinanso chomwe ufawu sungachite ndi kukonza fidi ya chuku. Ndinamva wina akuti thumba likachita chuku ungothira ufa wambiri zitheka. Ayi ndithu. Chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi, nsomba zimasiya kukula ndipo zimagwidwa matenda mosavuta. Poizoniyu anadziwika bwino mu 1960 pomwe nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya fidi ya mtedza wochokera ku Brazil. Kuphika sikumuthetsa. Alipo maufa ena a dothi ngati bentonite omwe amagwirako aflatoxin m'matumbo, koma ndi ufa wina umenewo, mu paketi yanga mulibe, ndipo ngakhale ulipo thumba lomwe lachita mbuu ndi lotaya basi.

Pa lebulo ndili ndi madandaulo angapo. Analemba kuchuluka kwa mabakiteriya, ija amati CFU pa giramu, nambala yaitali ya maziro ambiri yosangalatsa maso, koma sananene ngati ndi ya tsiku lopanga kapena ndi yomwe idzakhalepo pofika tsiku lotha ntchito. Kusiyana kwake nkwakukulu chifukwa zamoyo zimafa pang'onopang'ono mu paketi. Phytase nayo imayezedwa ndi ma FTU, apa sanalembe nkomwe, angoti ilimo. Ilimo yochuluka bwanji? Tsiku lopanga linadindidwa ndi inki yomwe inafufutika nditangoigwira ndi chala chonyowa. Ndipo paketi yake ukang'amba yatha, ilibe kotsekera, nde pofika sabata yachitatu ufa unayamba kuumbika timiyala chifukwa cha chinyezi. Ndinachita kuusamutsira mu botolo louma lotseka bwino nkuika malo ozizira amdima. Kasipuni koyezera mulibe, ndipo sikelo ya nsomba siimva magiramu ochepa chonchi, ndinachita kufuna kasikelo kakang'ono nkuyeza kamodzi mu kachivindikiro ka botolo, nkudula chizindikiro ndi mpeni kuti mphwanga asamavutike. Zinthu zazing'ono koma wopanga akanaganizira.

Kukazizira musavutike nawo. Chambo chimakula bwino madzi akakhala cha m'ma madigiri 27 mpaka 30, akatsika pansi pa 20 kudya kumachepa kwambiri, akatsikirabe chimangokhala duu pansi. Masabata ozizira ndinapitiriza kuthira ufa mwa chizolowezi, fidi nkumatsala pamadzi, ndiye kuti ufa, mafuta ndi fidi zonse zinkangovunda pansi nkuononga madzi. Pano ndimati zikachepetsa kudya inenso ndichepetse zonse.

Pali mnzanga wina yemwe anagula paketi yomweyi atandiona, iye akuti sinagwire olo pang'ono, nsomba zake miyezi yonseyi zikadali ngati zala. Nditapita kukaona ndinapeza damu lake ladzaza tiana, mbali zonse waa. Anathira mbewu yosakaniza zazimuna ndi zazikazi, ndipo chambo m'damu chimayamba kuswana chikadali chaching'ono, yaikazi ikafungatira mazira m'kamwa siidya, mphamvu zonse zimapita ku ana, kenako ana aja nawo akulimbirana fidi yomweyo. Nchifukwa chake oweta ambiri amafuna mbewu ya zazimuna zokhazokha, zimakula msanga ndipo damu silidzaza. Nde iye ankathira ufa wokwanira nsomba zomwe anaika poyamba pomwe m'madzimo munali khamu loti sakulidziwa nkomwe. Ufa unalakwa chani pamenepo.

Ena amati bwanji osangosinja adyo nkuthira, si zomwezo? Adyo ali ndi allicin yemwe amalimbana ndi tizilombo tina, ndipo ndinayesako pa thanki ya tiana, kudya zinkadya bwino. Koma allicin sakhalitsa ukangosinja, ndipo mphamvu ya adyo imasiyana mutu ndi mutu nde muyezo wake ndi wongoganizira. Komanso adyo sangamasule phosphorous uja. Yisiti wamba wophikira naye ena amathira, ndi Saccharomyces cerevisiae yemweyo amene opanga ufawu amatengamo beta-glucan ndi MOS, kungoti wa m'paketi anachita kuswa khungu lake kuti zifikike msanga. Ma asidi othira mu fidi aja ngati formic ndi citric sindinawayese nde sindinenapo.

Kodi ndidzagulanso? Eya koma osati mmene ndinachitira ulendo uno. Kuthira tsiku lililonse kuyambira poyamba mpaka pokolola ndaona ngati nkuononga, makamaka miyezi yomaliza pomwe nsomba zikudya fidi yambiri ndipo ufa ukupita wambiri. Ulimi ukubwerawu ndiupereka kwa tiana masabata oyamba tikangofika, chifukwa ndi pomwe timafa kwambiri ndi ulendo komanso madzi achilendo, kenako sabata imodzi ndisanakoke ukonde ndi sabata imodzi pambuyo pake, komanso kutentha kukamayandikira ndisanaone diso lotuluka ngakhale limodzi. Pa fidi yomwe ndimapanga ndekha ndikufuna ndipeze phytase payokha yolembedwa ma FTU ake, imeneyo nde izilowa tsiku ndi tsiku. Madamu ndisinthanitsa, lomwe linali lopanda ufa ndi lomwe lilandire, kuti ndione ngati kusiyana kuja kutsatire ufa kapena kutsale pa damu lomwe lija. Mphwanga wayamba kale kujambula mizere m'kabuku katsopano, akuti ulendo uno tizilembanso zakufa tsiku ndi tsiku osati kumangokumbukira pamutu.